M'mabuku aja amuna amalira

 Ndi ine ndemwe mwana wa msodzi uja. Lero nkhani ndi yaitali ndipo ena ikuwawani, ndiye ngati bandulo yatsala pang'ono sungani muwerenge usiku. Chomwe ndikupempha n'chakuti musayankhe musanafike kumapeto.

Mwezi watha mlongo wanga anabwera ku holide kuchokera kukoleji. Ndi munthu wamkulu, zaka 23. Anakasiya foni pa chaja kwa a malume poti kumeneko ndi komwe kuli sola. A malume pofuna kuona nthawi anadina foni ija, ndipo chomwe chinatuluka ndi chikuto cha buku: amuna awiri, wina waimirira, wina wagwada, chachitsulo chili m'khosi. Madzulo ake tinaitanidwa tonse pakhonde. A malume anati za mathanyula zalowa m'banja. Azakhali anati aitanidwe abusa. Msuweni wanga wina anati foniyo ingoponyedwa m'nyanja basi. Mlongo wanga anangozyolika. Bambo anga anali pomwepo akusoka ukonde, osayankhula kanthu. Mapeto ake anati poti ine ndimalemba zitalizitali pa foni, ndione zimene zili m'menemo ndidzawauze. Ndinapempha masabata awiri.

Ndinawerenga, abale. Ena ndinamaliza, ena ndinasiya pakati chifukwa mtima unakana. Ndikuuzani zimene ndinapeza, poti ndikudziwa kuti si foni ya mlongo wanga yokha imene muli zimenezi.

Mabukuwa kwawo ndi kunja, makamaka America, Britain ndi Australia, ndipo amalembedwa m'Chingerezi. Eni ake amawatcha dark romance, kutanthauza nkhani zachikondi zimene zimadutsa mumdima: imfa, nkhanza, kugwiriridwa paubwana, ukapolo. Nthambi imene anali kuwerenga mlongo wanga amaitcha M/M, chikondi cha mwamuna ndi mwamuna mnzake. Ambiri mwa mabukuwa muli mgwirizano woti wina azilamula, wina azimvera, kuchipinda ngakhalenso kunja kwa chipinda. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti olemba ndi owerenga ambiri a nkhanizi ndi azimayi. Zambiri zimapezeka ulele pa Wattpad, imene inayamba mu 2006 ku Toronto, komanso pa Archive of Our Own, imene inatsegulidwa mu 2009. Zina amagula pa Kindle. Pa Archive of Our Own wolemba amaika zizindikiro pamwamba pa nkhani zochenjeza kuti muno muli imfa, muno muli kugwiririra, kuti wolowa alowe akudziwa. Enanu munamvapo za Fifty Shades of Grey ya mu 2011. Imeneyo ndi ya mwamuna ndi mkazi, koma mtundu wa nkhani ndi wapafupi.

Buku la chikuto chija linali lofanana ndi lina lotchuka lomwe linalinso m'fonimo, Captive Prince, lolembedwa ndi C. S. Pacat wa ku Australia. Linayamba kutuluka pang'onopang'ono pa intaneti lisanasindikizidwe ndi Penguin mu 2015. Nkhani yake ndi ya Damen, mwana wa mfumu, amene m'bale wake anamulanda ufumu n'kumutumiza ngati kapolo kwa Laurent, mwana wa mfumu ya dziko la adani. Vuto n'lakuti Damen ndi amene anapha mkulu wake wa Laurent kunkhondo. Laurent ndi wozizira ngati mwala wa pansi pa madzi, ndipo koyambirira amalamula kuti Damen akwapulidwe mpaka kutsala pang'ono kufa. Ukapitirira mpaka buku lachitatu umazindikira kuti mkulu wake atafa, Laurent anatsala m'manja mwa bambo ake aang'ono amene ankamuchita zachipongwe ali mwana. Kuzizira konse kuja ndi maliro amene sanawalire komanso bala limene sanauzeko munthu.

Lina linali For Real la Alexis Hall wa ku Britain, la mu 2015, limene linapata mphoto ya RITA mu 2016. Umu muli Laurie, dokotala wa ku London wa zaka 37, amene chibwenzi chake cha nthawi yaitali chinatha ndipo wakhala zaka zingapo ngati munthu wofedwa. Amakumana ndi Toby wa zaka 19, wogwira ntchito pamalo ogulitsa zakudya, amene agogo ake aamuna akudwala mwakayakaya. Mukuganiza kuti wogwada ndi ndani? Ndi dokotala uja. Munthu amene tsiku lonse amalamula, amene moyo wa anthu ovulala uli m'manja mwake, akafika kunyumba amafuna wina amuuze kuti tsopano tula.

Nditamaliza awiriwa ndinamutenga mlongo wanga tinapita kudooko, kuseri kwa mathandala a usipa. Ndinamufunsa kuti, "Iwe, mabuku onse ali padziko, bwanji awa?" Ndinkayembekeza kuti achita manyazi. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, m'mabuku aja amuna amalira. Kwathu kuno ndani analira?"

Ndinasowa chonena. Amene mumatidziwa mukudziwa kuti zaka zitatu zapitazo, mwezi wa July, mwera unagubuduza boti limene munali achimwene athu aakulu. Alovi anzawo anapulumuka atakakamira zigubu, iwo ayi. Tinawasaka masiku atatu, tsiku lachinayi madzi anawabweza okha. Pamaliro amayi ndi azimayi anzawo analira m'nyumba mpaka mawu kutha. Ife amuna tinakhala panja pa moto, tikukamba za mtengo wa petulo ndi mpira. Bambo anga anagwira chanza aliyense wobwera kudzapepesa, n'kumayankha kuti zimachitika. Patatha sabata anali pamadzi. Kuyambira tsiku limenelo sanatchulepo dzina la mwana wawo woyamba. Ineyo ndinayamba kuchedwa kumowa, ndipo anthu ankati mnyamata uja ndi wolimba mtima.

Mlongo wanga anali ndi zaka 20. Anaona amuna atatu a m'nyumba mwake, wina ali m'manda, awiri akuyenda ngati palibe chachitika. Anapita kukafuna kwina kumene mwamuna wamphamvu amagwada pansi n'kulira mnzake atamugwira. Anakakupeza m'buku la Chingerezi la amuna okondana. Inu mukhoza kukwiya ndi kumene anakakupeza, koma ine ndinachita manyazi poti kwathu kunalibe.

Tsopano tifike pa nkhani ya kulamula ndi kumvera, poti ndi imene inawaopsa kwambiri a malume. Ine poyamba ndinkaona ngati misala. Munthu wamkulu ndi nzeru zake, n'kumapempha kuti wina azimulamula? Koma ndinakumbukira usiku wanga woyamba pa chilimira. Amene munapitako ku kauni mukudziwa. Siginala amakhala payekha m'kabwato ndi nyali zake, akuyang'ana m'madzi. Enanu muli m'maboti mumdima, simukuona nsomba, simukuona gombe. Akati ponyani mumaponya. Akati kokani mumakoka, osafunsa. Amuna akuluakulu, ena oposa siginalayo zaka, amamvera ngati ana. Ndipo ndikuuzeni chilungamo: usiku umenewo, ngakhale ndinali ndi mantha, mtima unapepuka podziwa kuti pali wina amene akuganizira tonsefe, ine ntchito yanga ndi chingwe chokhachi. Munthu amene wafedwa amatopa ndi kuganiza. Bokosi, chakudya cha anthu, ana amasiye, ngongole ya injini. Kulakalaka kuti wina akuchotsere chiwongolero m'manja kwa kanthawi si chinthu chachilendo kwa mwana wa kunyanja.

Koma siginala timamumvera chifukwa cha zinthu zitatu. Tinakwera boti mwa kufuna kwathu. Tinapangana tili pamtunda za kagawidwe ndi za ntchito ya aliyense, paja nkhanga zinapangana kusanache. Ndipo akakhala wosasamala, wokakamira kukhala pamadzi mphepo itasintha, mawa tikhoza kumusiya n'kukakwera boti la wina. Mabuku abwino a mtunduwu amasunga zitatu zomwezi. Awiriwo amakambirana kaye chimene chiloledwa ndi chimene sichiloledwa. Amasankha mawu amodzi, eni ake amati safe word, oti womverayo akangowatchula zonse zimaima pomwepo. Ambiri amagwiritsa ntchito mitundu ya maloboti a pamsewu: red ndiye kuti siya, yellow ndiye kuti chepetsa, green ndiye kuti pitiriza. Zikatha wolamulayo amakhala ndi udindo womusamala mnzake, kumufunditsa, kumupatsa madzi, kumufunsa ngati ali bwino. Mu For Real, Toby amalakwitsa, amachita mantha, amapepesa, ndipo agogo ake atamwalira wofunika kugwiridwa amakhala iyeyo. Pamenepo ndinaona kuti wolemba akudziwa kuti wolamula nayenso ndi munthu.

Musaganize kuti ndabwera kudzagulitsa mabukuwa. Ambiri amene ndinatsegula ndi oipa, ndipo kuipa kwake sikumene a malume anaona pachikuto. Muli nkhani zambirimbiri zoti mnyamata wabedwa, watsekeredwa m'nyumba, wamenyedwa, wakana koma osamveredwa, kenako pofika kumapeto akuti wagwa m'chikondi ndipo mabala ake onse a paubwana apola. Womuzunzayo amakhululukidwa poti nayenso anazunzidwa ali mwana. Limeneli ndi bodza, ndipo ndi bodza limene ife a kunyanja tiyenera kulizindikira msanga. Tonse tikudziwa zimene zimachitika padooko usipa ukasowa. Mayi wabwera ndi beseni ndi ndalama zake, ana akudikira kunyumba, koma mwini nsomba akuti ndalama zokha sizikwana. Mayi uja akavomera, mwamunayo amati tinagwirizana. Anagwirizana chiyani munthu amene kukana kwake kukanatanthauza ana kugona ndi njala? Pamene munthu sangathe kunena kuti ayi, eya wake ndi wopanda pake. Buku limene limatenga zoterezi n'kuzipaka mafuta onunkhira likuphunzitsa mtsikana kapena mnyamata kuti wokupweteka ukamupirira adzasintha. Azimayi angati kwathu kuno tawaika m'manda akudikira kusintha kumeneko?

Ngakhale Captive Prince imene ndaitchula ija, buku loyamba ndi lolemera kwambiri ndipo owerenga ambiri amalikana chifukwa cha ukapolo ndi nkhanza zake. Chimene chinandisunga ine n'chakuti wolemba sanathamangire. Chikondi sichiyamba Damen ali pa mtengo wokwapulira. Chimadza mochedwa, awiriwo atamenyera nkhondo limodzi, ndipo chachitsulo cha m'khosi chija chimadzachotsedwa. Ndiye muyeso wanga ndi umenewu, ndipo ndinamuuza mlongo wanga: ukamawerenga uzifunsa ngati wogwadayo angathe kuimirira n'kutuluka pakhomo. Ngati sangathe, ndipo buku likuombera m'manja, litseke.

Palinso bodza lina laling'ono, loti chikondi chokha chimachiza chilichonse. Nkhani zachikondi zili ndi lamulo lake loti mapeto akhale osangalatsa, ndiye wolemba amakakamizika kupoletsa bala la zaka 20 m'masamba 30 omaliza. Kumbali inayi kuli mabuku ngati A Little Life la Hanya Yanagihara, la mu 2015, la masamba oposa 700, lonena za Jude, loya wa ku New York amene anazunzidwa koopsa ali mwana. Limenelo silikupatsa pothawira, mavuto amangounjikana mpaka mapeto. Mlongo wanga anati atalimaliza anakhala masiku awiri osadya bwino. Ndinamuuza kuti munthu amene bala lake likadali laliwisi asamalowe m'buku lotere ali yekha. Moyo weniweni uli pakati pa awiriwa. Bala silipola lonse, koma munthu amadzuka, amakawonjola ukonde, amaseka nthawi zina.

Funso lina limene ndinadzifunsa ndi lakuti, n'chifukwa chiyani nkhani za amuna okondana zimadzaza ndi maliro chonchi? Mbiri yake ikuyankha. E. M. Forster wa ku England analemba Maurice cha m'ma 1913 ndi 1914, koma analibisa mpaka imfa yake mu 1970, n'kudzatuluka mu 1971, chifukwa nthawi imene ankalemba lamulo la kwawo linkamanga amuna otere. Giovanni's Room ya James Baldwin, ya mu 1956, imatha ndi imfa ku Paris. M'zaka za m'ma 1980 Edzi itayamba kupha amuna ambiri otere ku America, ena ankaletsedwa ndi achibale a wodwalayo kulowa m'chipatala kapena kufika pamaliro a munthu amene anakhala naye zaka. Kuno ku Africa, K. Sello Duiker wa ku South Africa anatulutsa The Quiet Violence of Dreams mu 2001, nkhani ya Tshepo wa ku Cape Town amene mutu unasokonekera amayi ake ataphedwa. Anthu amene amalira mobisa kwa nthawi yaitali, akagwira cholembera maliro ndi amene amayamba kutuluka.

Ndipo tisanamizane kuti zimenezi ndi za azungu okha. Mmalawi mnzathu Stanley Onjezani Kenani analemba nkhani yotchedwa Love on Trial imene inafika pa mndandanda womaliza wa mphoto ya Caine mu 2012. Tonse tikukumbukira mlandu wa ku Blantyre wa mu 2010, pamene awiri anagamulidwa zaka 14 kenako Pulezidenti Bingu wa Mutharika n'kuwakhululukira. Gawo 153 la malamulo athu a milandu likadalipo, ndipo mu June 2024 khoti loona za malamulo aakulu a dziko linakana kulichotsa. Ndikudziwa zimene mipingo yathu ndi mizikiti yathu imaphunzitsa, inenso ndinakulira momwemo, ndipo sindikuganiza kuti uthenga umodzi wa pa WhatsApp ungathetse mkangano umenewo. Koma ndikufunsani chinthu chimodzi. Pamaliro alionse amene mwakhalapo, mukutsimikiza kuti munawadziwa onse ofedwa? Mwina panali wina kumbuyo, pagulu la adzukulu kapena la oimba, amene anataya munthu wa pamtima pake koma sakanatha kukhala pamphasa ya anamfedwa, sakanatha kupepesedwa, anangonyamula fosholo. Kaya mumati ndi tchimo, kaya mumati ndi mlandu, chisoni chakecho ndi chisoni ndithu. Ine amene ndalawako kulira mobisa sindingamufunire munthu aliyense zimenezo.

Masabata awiri atakwana tinakhalanso pakhonde paja. Ndinawauza a malume kuti: "Malume, m'fonimu muli zolaula, zimenezo sindibisa. Mwana wa sukulu asazione, ndipo amene muli ndi ana a zaka 13 kapena 15 okhala ndi mafoni muziyang'anako, poti kutsegula nkhanizi n'kosavuta. Koma uyu ndi wamkulu. Mukaponya foni m'nyanja agula ina, ndipo chimene muphe ndi kukhulupirirana basi. Komanso simunafunse chifukwa chake." Ndiye ndinanena zimene anandiuza kudooko zija, mawu ake omwewo. Pakhonde panati zii. Azakhali anayamba kupukuta m'maso ndi chitenje. A malume anakhosomola, anati iwo sakugwirizana nazobe ndipo sadzagwirizana nazo, koma anatulutsa foni m'thumba n'kuiika pamphasa. Sindikunena kuti ndinawagonjetsa. Mpaka lero akandiona amapukusa mutu.

Bambo anga sananene kanthu tsiku limenelo. M'mawa mwake ndinawapeza pansi pa mtengo akusoka chilimira, ndinakhala pambali n'kugwira mbali ina ya ukonde. Tinasoka mwina ola lathunthu. Kenako ndinalimba mtima ndinatchula dzina la achimwene, ndinati mfundo iyi ndi iwo anandiphunzitsa kumanga. Manja a bambo anaima. Sanalire, ndisakunamizeni. Anangoti, "Ankamanga mothina kwambiri ameneuja, ndinkachita kumuuza." Kenako anapitiriza kusoka. Zaka zitatu, amenewo ndiwo mawu oyamba.

Ndiye amuna anzanga a Msaka, Chembe, Makanjira, Senga Bay, Nkhotakota, ndi inu muli ku Joni amene mumaika maliro a kwanu pa foni chifukwa mapepala sakulolani kubwera: mukapeza buku lotere m'foni ya mlongo wanu, mkazi wanu kapena mng'ono wanu, musathamangire chikwapu kapena abusa, paja safunsa anadya phula. Mufunseni kuti akufunamo chiyani. Ngati akuphunziramo kuti womuzunza ndiye womukonda, khalani naye pansi mumuonetse bodzalo. Ngati akufunamo malo olirira, dzifunseni kuti inuyo munamutsekera khomo liti. Ndipo ngati pali wina amene akukukakamizani zogonana, kaya m'banja, kaya padooko, kupolisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa, pitani, musadikire kuti asinthe ngati za m'buku.

Mwera ukubweranso. Amene muli ndi majaketi oyandamitsa valani, musachite nawo manyazi. Otukwana tukwanani ku inbox, ndiwerenga zonse. Amene mwaona kuti muli kanthu tumizirani ena.

Ndatha ine wanu,
Mwana wa msodzi.